Makabati a m'khitchini: tisinthe zitseko zokha kapena tizule onse?

Amake Tadala:
Moni nonse. Ndithandizeni nzeru pa za makabati a m'khitchini. Athu atha nkhope: zitseko zina zikumatuka m'mphepete, ziwiri zikulendewera, mtundu wake nawo watikwana. Tinaitana amisiri awiri. Woyamba akuti mabokosi akhale omwewo, iye angosintha zitseko, nkhope za madilowa, mahinji ndi zogwirira, kenako amate chatsopano m'mbali zoonekera. Wachiwiri akuti kumeneko n'kuwononga ndalama, tizule zonse tikhome atsopano. Pamwamba pake pali mwala wa granite umene sitikufuna kuutaya. Amene munadutsamo kale, munatani?

Nachisale:
Musanasankhe mmisiri, achemwali, kodi mwasuzumira ndi tochi mu kabati ya pansi pa sinki? Mlandu wa khitchini nthawi zambiri umagamulidwira pamenepo.

Mmisiri Wakale:
Anachisale alasa. Mayi, amisiri anu onse awiri akhoza kukhala kuti akunena zoona, zikungotengera kuti mabokosiwo ali bwanji. Ndipo zimenezo mukhoza kuziyesa nokha madzulo ano osalipira munthu.

Tulutsani zonse za pansi pa sinki. Tengani sikuludiraiva muzibaya pang'onopang'ono thabwa la pansi, makamaka m'makona ndi kumbuyo kumene kumadutsa mapaipi. Makabati ambiri amasiku ano ndi a chipboard ya 16 mm kapena 18 mm yokutidwa ndi melamine, chikutiro cholimba choterera chonga pulasitiki. Chipboard ndi tizidutswa ta mitengo tosakaniza ndi guluu n'kupanikizidwa. Ikamwa madzi imatupa, ndipo ikauma sibwereranso m'chimake, imangoyamba kunyenyeka. Sikuludiraiva ikalowa osalimbana nayo, kapena mukaona kuti m'mphepete mwafufuma mpaka melamine yang'ambika, bokosi limenelo lapita.

Mukachoka apo pitani pa zitseko ziwiri zolendewerazo, muone chimene chagonja. Ngati ndi hinji imene yathyoka kapena yadyedwa ndi dzimbiri, nkhani yake ndi yaing'ono. Koma ngati masikuluwu azuka pamodzi ndi utuchi, dziwani kuti khoma la bokosi lafooka pamalo enieni amene hinji yatsopano idzafune kugwira.

Pomaliza tengani tepi. Yezani pakhomo pa kabati mopingasa, kuchokera pa kona ya m'mwamba kumanzere kufika ya m'munsi kumanja, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyo izikhala yofanana kapena kusiyana pang'ono chabe. Ikasiyana kwambiri ndiye kuti bokosi linapendekeka, ndipo chitseko chatsopano chowongoka bwino chidzaulula kupendekekako kuposa chakale chimene chinazolowerana nalo. Makabati a m'mwamba agwedezeni ndi dzanja. Akamasuntha pa khoma mundiuze.

Bambo a Yamikani:
Ine ndili mbali ya mmisiri wachiwiriyo, ndinene poyera. Paja chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Anthu amaganiza kuti posintha zitseko zokha apulumutsa ndalama zambiri, koma akapita kukafunsa amapeza kuti zitseko, nkhope za madilowa, mahinji ndi zogwirira ndi zimene zimadya ndalama pa kabati. Bokosi ndi matabwa ongodula mowongoka basi. Ndiye mulipira gawo lodulalo n'kulipachika pa bokosi limene latsala pang'ono kutopa. Likadzatopa, zitseko zanu zokongolazo zidzafuna bokosi lina la muyeso womwewo ndendende.

China n'chakuti kuseri kwa makabati simungakuone osawazula. Nkhungu, mphemvu, paipi yodontha m'khoma, waya wa magetsi wodyedwa ndi makoswe, zonsezo zimabisala kumeneko. Khitchini sutsegula chaka chilichonse. Ukatsegula, tsegula kamodzi uone zonse.

Nachisale:
Bambo a Yamikani, osati chakale chilichonse n'chowola. Makabati ena akale anakhomedwa ndi plywood kapena matabwa enieni, ndipo amenewo amagwira masikuluwu ndiponso amapirira chinyontho kuposa chipboard yotsika mtengo imene ambiri akukhomera lero. Ndinaonapo munthu akutayitsa mabokosi a plywood olimba gwa, n'kuikamo a chipboard onyezimira, chifukwa choti mmisiri anamuuza kuti "zakalezi zatha ntchito". Mmisiri amene amapeza zambiri pa kuzula sangakuuzeni kuti musazule. Woyambayonso chimodzimodzi, ngati ntchito yake ndi ya zitseko adzaona zitseko zokha. N'chifukwa chake ndikuti mayi ayambe ayesa okha monga a Mmisiri anenera, kenako ndiye amve za anthu ofuna ntchito.

A Ngozo:
Nonse mwadumpha mawu amodzi amene mayi alemba: granite. Ine ndimagwira ntchito ya miyala imeneyi, ndiye ndiloleni.

Granite ya 30 mm imalemera pafupifupi makilogalamu 80 pa sikweya mita imodzi. Imamatidwa pa makabati ndi silicone, ndipo pamene zidutswa ziwiri zakumana amalumikiza ndi guluu wolimba wa epoxy. Kuti muzule mabokosi onse, mwalawo uyenera kutsika kaye. Apa ndi pamene pamalira anthu. Pamene anaboola malo a sinki ndi a kuka pamatsala timizere tiwiri topyapyala, kutsogolo ndi kumbuyo. Mwalawo ndi wolimba ukagona pa chinthu, koma ukanyamulidwa chogona umathyokera pa timizere timeneto. Odziwa amaunyamula choimirira, ndipo ngakhale odziwawo salonjeza kuti utsika wamoyo. Mufunseni mmisiri wachiwiriyo funso limodzi lokha: mwala ukasweka alipira ndani? Muone mmene nkhope yake isinthire.

Palinso zina zimene zimatsatira kuzula zomwe anthu saziwerengera. Matailosi a pakhoma anayambira pamwamba pa mwalawo, ndiye makabati atsopano akatalika kapena kufupika ndi sentimita imodzi yokha, mzere woyamba wa matailosi uyenera kugumulidwa kapena patsala mpata. Pansi napo, omanga ena amaika matailosi kulekeza pamene payambira makabati. Mukazula mupeza simenti yokhayokha, ndipo atsopanowo akapanda kuphimba malo omwewo mudzayamba kusakasaka matailosi a mtundu umene unasiya kupangidwa kalekale. Onjezerani pulambala wochotsa ndi kubwezeretsa sinki, wa magetsi, ndi masiku amene m'nyumba mulibe pophikira. Kusintha zitseko sinki siichoka, madzi akutuluka, mukuphika ntchito ili m'kati.

Bambo a Yamikani:
Ukasweka angoika quartz, a Ngozo, ndi imene ikuyenda pano. Ilibenso zoti uzipaka mankhwala otseka timabowo ngati granite.

A Ngozo:
Ndiye kuti bajeti ya mayi mwaiwirikiza muli pa foni, achimwene. Komanso quartz imeneyo ndi mwala wopera wosakaniza ndi guluu wa resin, uli ndi silica wochuluka kuposa granite, ndipo fumbi lake likamadulidwa pouma limawononga mapapo a amisiri ndi matenda a silicosis. Dziko la Australia linafika poiletsa kuyambira pa 1 July 2024 chifukwa cha zomwezo. Ikaikidwa m'nyumba siivulaza mwini wake, vuto lili pa wodula. Mwala uliwonse uzidulidwa ndi madzi, panja, osati m'khitchini mwa munthu.

Wa Penti:
Pali njira ina imene simunaitchule. Mayi akuti zitseko zikumatuka m'mphepete. Zimenezo kawirikawiri ndi zitseko za MDF (thabwa la utuchi wosalala wopanikizidwa ndi guluu) zokutidwa ndi pulasitiki yopyapyala ya vinyl, yomwe amaimata ndi kutentha ku fakitale. Imayamba kumatuka pafupi ndi uvuni, pamwamba pa ketulo ndi paliponse pamene pamafika nthunzi. MDF ya m'kati ikakhala kuti sinatupe, pulasitikiyo imasendeka yonse ndi heat gun, chida chouzira mpweya wotentha, n'kupala guluu wotsalayo, n'kupaka penti.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi ntchito ya Loweruka masana. Mafuta a utsi wa pophika ayenera kuchoka onse kaye, apo ayi penti sigwira. M'mphepete mwa MDF mumamwa penti kwambiri, mumafuna kutsekedwa ndi primer, penti yoyambira ya pansi ija, mobwereza n'kupala pakati pake. Pa melamine primer wamba amasendeka ndi chikhadabo, pamafunika wopangidwira malo oterera. Ndipo penti youma pogwira si youma m'kati, imatenga masabata kuti ilimbe zenizeni, ndiye masiku oyambirira zitseko zimafuna kuzigwira ngati za eni.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi makabati a matabwa opakidwa penti kalekale: penti yakale ina inali ndi mtovu. Ku America anailetsa m'nyumba mu 1978, maiko ena anachedwerapo kwambiri. Musaipale pouma ana ali pafupi.

Amake Tadala:
Zikomo nonse, ndayesa monga a Mmisiri ananenera. Pansi pa sinki pavunda ndithu, sikuludiraiva inangolowa, ndipo pa mfundo ya paipi yotulutsa madzi pali ponyowa. Khoma limodzi la kabati yomweyo latupa m'munsi. Enawo ndi olimba, miyeso yopingasa ikufanana, a m'mwamba sakugwedezeka. Pa zitseko ziwiri zija, chimodzi ndi hinji yothyoka, chinacho masikuluwu anazuka ndi utuchi koma pozungulira pake mpolimba.

Ndiwonjezere china chimene sindinanene. Chimene chimandisautsa tsiku ndi tsiku si mtundu wokha. Makabati a m'munsi ndi akuya, kuti ndipeze poto wa kumbuyo ndimachita kugwada n'kutulutsa zonse. Firiji nayo ili kutali ndi sinki.

Namaluwa:
Aa, achemwali, ndiye mukanayambira pamenepa! Awa ndi madandaulo awiri osiyana, ndipo ndi limodzi lokha limene lingafune kuzula.

Za mtunda wa pakati pa sinki, kuka ndi firiji si zachilendo, anthu akhala akuziwerengera kuyambira kale. Mu 1926 mayi wina wojambula mapulani a nyumba wa ku Austria, Margarete Schütte-Lihotzky, anakonza khitchini ya nyumba za anthu ogwira ntchito mu mzinda wa Frankfurt ku Germany, kachipinda ka mamita 1.9 m'lifupi ndi 3.4 m'litali, atawerengera masitepe amene wophika amayenda. Makabati okhomerera kukhoma amene tikukanganiranawa anafalikira kuchokera ku maganizo ngati amenewo. M'zaka za m'ma 1940 a ku University of Illinois ku America anabwera ndi lamulo loti sinki, kuka ndi firiji zikhale ngati makona atatu osatalikirana. Zitseko zatsopano sizingasunthe sinki. Ngati mukufuna sinki ichoke pamene ili, kapena kuka ipite khoma lina, musavutike ndi zitseko, zulani.

Koma inu mwatchula firiji, ndipo firiji ili ndi pulagi chabe. Onani kaye ngati pali kabati imodzi ya kumapeto, kunja kwa mwala, imene ingachoke kuti firiji ilowepo. Za kugwadazo ndiye zosavuta n'komwe. M'bokosi lomwelo mukhoza kuchotsa shelefu n'kuikamo madilowa akuluakulu otuluka mpaka kumapeto. Poto wa kumbuyo amabwera yekha kwa inu.

Mmisiri Wakale:
Mayi, ndi zimene mwapezazo ine sindingazule khitchini yonse chifukwa cha bokosi limodzi. Koma sindingavomerenso mmisiri woyambayo ngati akufuna kupachika chitseko chatsopano pa kabati ya sinki mmene ililimu. Amene angachite zimenezo ndi wakuba.

Kabati ya sinki ikhoza kusinthidwa yokha mwala uli pomwepo. Amachirikiza mwalawo ndi matabwa kuchokera pansi, amasula mapaipi, amadula bokosi lovundalo n'kulitulutsa zidutswazidutswa, kenako latsopano amalilumikizira m'kati momwemo n'kulikweza ndi miyendo yake mpaka ligunde mwala. Ngati sinki yanu ndi yomatidwa kunsi kwa granite, imeneyo ichirikizidwenso payokha. Bokosi limeneli musaumire, likhale la plywood. Akakuuzani za chipboard yobiriwira m'kati kuti "iyi siilowa madzi", dziwani kuti kubiriwirako ndi utoto wongozindikiritsa. Imapirira chinyontho kuposa wamba, koma ikakhala m'madzi imatupa ndithu. M'mphepete monse modulidwa, ndi pamene aboola kuti padutse mapaipi, atseke ndi silicone kapena vanishi.

Pamene masikuluwu anazuka pali kachitsulo kake kafulati kamene kamakhomedwa pamwamba pa bala, masikuluwu ake n'kugwira malo olimba ozungulira, hinji n'kumangidwa pa kachitsuloko. Ena amaboola n'kumatamo kamtengo kozungulira ndi guluu. Zonse zimagwira. Chimene sichigwira ndi kuthiramo machesi.

Mahinji musinthe onse, ndipo apa musafune zotchipa. Mahinji obisika ambiri amakhala m'bowo la 35 mm kuseri kwa chitseko, kaya ndi a Blum ya ku Austria, Hettich ya ku Germany kapena ongotengera. Abwino ali ndi masikuluwu osunthira chitseko m'mwamba ndi m'munsi, kumanja ndi kumanzere, m'kati ndi kunja. Amenewo ndi amene amachititsa kuti mipata ya pakati pa zitseko ikhale yofanana, mamilimita awiri kapena atatu, ndipo diso la munthu limaona mipatayo lisanaone mtundu. Tinjanji ta madilowa amene a Namaluwa akunenawo tikhale tolembedwa kulemera kumene tinganyamule, chifukwa mapoto si masipuni.

Bambo a Yamikani:
Chabwino, pa mwalawo ndagonja. Koma mayi atenge makoteshoni awiri olembedwa, lililonse likhale ndi zonse: pulambala, matailosi, kutaya zinyalala. Bokosi la sinki latsopano, madilowa atsopano, mahinji apamwamba, zitseko zonse, mukaphatikiza mukhoza kupeza kuti mwayandikira mtengo wa khitchini yatsopano. Zikayandikana kwambiri ine ndibwereranso ku mawu anga.

Nachisale:
Pamenepo tagwirizana, bambo. Ingokumbukirani kuika mwala watsopano mbali ya kuzulayo, poti a Ngozo akana kulonjeza.

Mnyamata wa Tepi:
Ndiponyepo za miyeso, poti ena amathamangira kugula zitseko zopangidwa kale. Makabati a fakitale amaoneka ofanana koma sali ofanana. Ambiri a m'munsi bokosi lake ndi la 720 mm kutalika, kuikapo miyendo ndi chapamwamba n'kufika cha m'ma 900 mm, koma kampani iliyonse ili ndi zake. Ngakhale kampani imodzi imasintha: IKEA, kampani ya mipando yochokera ku Sweden, itasiya makabati a Faktum n'kubweretsa Metod cha m'ma 2014, bokosi linachoka pa 70 cm kufika pa 80 cm, ndipo zitseko za mtundu winawo sizikwana pa unzake. Nanji makabati okhomedwa ndi kalipentala pamalo pomwepo, chitseko chilichonse chimakhala ndi muyeso wakewake.

Ndiye chitseko chilichonse chiyezedwe pachokha, mu mamilimita, chilembedwe nambala kuseri, ndipo alembe kuti mahinji ali mbali iti komanso mabowo ali patali bwanji kuchokera m'mwamba ndi m'munsi. Mukasuzumira m'bokosi n'kuona timabowo ta 5 mm tondandalikana motalikirana 32 mm, muli ndi mwayi, ndi dongosolo limene mafakitale ambiri amatsata ndipo mahinji ndi tinjanji zimakwana mosavuta.

Musaiwale mbali za kumapeto zoonekera ndi thabwa la kumapazi. Zikatsala za mtundu wakale khitchini imaoneka kuti yavala zobwereka.

Gogo a Pemphero:
Pepani ndilowerere ndi langa, ana anga. Makabati anga ndi a matabwa, zitseko zili bwinobwino, koma ndikamasesa ndimapeza timizere ta dothi tokwera kumbuyo kwake, ndipo shelefu ina ndikaigogoda ikumveka yopanda kanthu m'kati. Kodi inenso ndingangokonza pamene pawonongekapo?

Mmisiri Wakale:
Agogo, chanu ndi chiswe, ndipo nkhani yake ndi yosiyana ndi ya amake Tadala. Madzi amawononga pamene afika, umaona polekezera. Chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu la kunja lili bwinobwino, ndiye thabwa limene mukuliona lolimba mwina ndi chikopa chabe. Chimachokera m'nthaka, kudzera m'ming'alu ya simenti kapena pamene paipi yalowera m'nyumba, ndipo timizere ta dothito ndi misewu yake. Pamenepo makabati achoke pakhoma kuti njirayo ioneke, athire mankhwala anthu odziwa, ming'alu itsekedwe. Mukatero mpamene muone kuti ndi matabwa ati apulumuka. Kwa inu mwina zitsekozo ndi zimene zitsale, mabokosi n'kukhala atsopano. Atsopanowo aime pa miyendo ya pulasitiki kapena yachitsulo, asagunde pansi, ndipo thabwa la kumapazi likhale lochotseka kuti muzitha kusuzumira.

Nachisale:
Kwa amene mukuika matabwa atsopano, kaya zitseko kaya mabokosi: fungo loboola mphuno la chipboard ndi MDF yatsopano nthawi zambiri ndi formaldehyde wa mu guluu. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linamuika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2004. Funsani matabwa olembedwa E1, chizindikiro choti amatulutsa formaldehyde wochepa, kapena otulutsa wocheperapo, m'mphepete monse mumatidwe, mazenera akhale otsegula masabata oyambirira. MDF asadulire m'nyumba, fumbi lake ndi losalala kwambiri, limalowa paliponse.

Amake Tadala:
Takambirana ndi bambo a kunyumba. Tikupita ndi maganizo osunga mabokosi ndi mwala, kabati ya sinki ikhale yatsopano ya plywood, makabati awiri a m'munsi asanduke madilowa, zitseko zonse zatsopano. Za penti taziopa, a Penti mutikhululukire, m'nyumba muli ana sangadikire masabata. Makoteshoni titenga awiri monga Bambo a Yamikani anenera. Funso lomaliza: tiyambe chiti? Mmisiri woyamba uja akufuna abwere mawa kudzayeza zitseko.

Mmisiri Wakale:
Mawa abwere pulambala, osati woyeza zitseko. Paipi yodonthayo ikonzedwe, aonenso silicone wozungulira sinki ndi pa tsinde la mpope, chifukwa madzi ena amatsikira pamenepo. Bokosi lovundalo likachoka, pasiyeni potsegula mpaka khoma ndi simenti ziume, ndipo gwiritsani mpata womwewo kuunika ndi tochi kuseri kwa makabati oyandikana nalo, mukhala mwayankhako nkhawa ya Bambo a Yamikani ija. Kenako bokosi latsopano lilowe, tinjanji ta madilowa timangidwe, levulo iikidwe. Zitseko ziyezedwe pambuyo pa zonsezi, chifukwa bokosi latsopano likasuntha ndi mamilimita atatu okha, chitseko chodulidwa kale sichitalikitsidwa.

Wa Penti:
Ndakhululuka, mayi. Koma ngati zatsopanozo zikhalanso za vinyl, pambali pa uvuni aikepo timizere tachitsulo totchinga kutentha, ndipo ketulo isamawirire kunsi kwa kabati ya m'mwamba. Apo ayi funsani zitseko za melamine zomatidwa m'mphepete ndi pulasitiki ya ABS ya 1 mm kapena 2 mm, kapena za MDF zopopera penti ku fakitale.

Amake Tadala:
Za melamine zomwezo. Nanga zogwirira, tiboole mabowo ofanana ndi akale kuti tigwiritse zomwe zilipo?

Mnyamata wa Tepi:
Zitseko zibwere zosaboola mabowo a zogwirira, mayi. Zipachikidwe kaye, mipata ilinganizidwe, kenako aboole zonse ndi chikombole chimodzi kuti zikhale pa mzere umodzi. Zakalezo ngati mukuzikonda yezani pakati pa masikuluwu ake awiri, zambiri zimakhala 96 mm, 128 mm kapena 160 mm, ndipo mukasunga muyeso womwewo mudzatha kusintha zogwirira mtsogolo osaboolanso chitseko.